Za Kukweza Ampulifaya Yolemera pa Mlongoti: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene anakhalapo kumbuyo kwenikweni kwa holo ya tchalitchi pa tsiku la ukwati, natchera khutu kuti amve mawu a nyimbo imene woyimba gitala ali kuyimbira akwati, koma nangomva kugunda kwa besi kokhala ngati mtondo wa kutsidya kwa mtsinje, adziwa kale vuto limene ndafuna kulongosola pano. Anyamata oyimba, pamodzi ndi akulu ampingo amene amasunga zida za kwaya, akhala akundifunsa mafunso amodzimodzi kwa zaka zambiri, ndipo ndawasonkhanitsa monga amafunsidwira.

Kodi ampulifaya ikwezedwerenji, pamene pansi pali malo ndipo singagwe?

Mawu otuluka m'bokosi la ampulifaya sali a mtundu umodzi. Alipo mawu aakulu a besi, amene funde lake limodzi, pa 100 Hz, litalika mamita 3.4, ndipo funde lotere limazungulira munthu, mpando ndi chipilala monga madzi a mtsinje azungulira mwala napitirira ulendo wawo. Alipo tsono mawu opyapyala, amene funde lake pa 5000 Hz lingokwana masentimita 7, ndipo awa ndiwo anyamula kukhwakhwaza kwa chala pa nsambo ndi zilembo zimene zisiyanitsa liwu ndi linzake m'kamwa mwa woyimba. Amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo akakumana ndi thupi la munthu, chitenje kapena jekete, amamira momwemo osatulukanso. Chotero ampulifaya yokhala pansi imalankhula ndi mawondo a anthu a mzere woyamba, pamene a kumbuyo alandira makoko okhaokha, njere zitatsala kutsogolo. Nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti Malembo atiuza kuti Ezara, powerengera khamu Chilamulo, anaima pa nsanja yamatabwa imene anamupangira, pamwamba pa anthu onse.

Nanga sindingangowonjeza voliyumu, bokosi n'kukhala pomwe lili?

Apa ndi pamene ambiri asokera. Kuwonjeza voliyumu kumakuza mawu onse pamodzi, ndipo popeza opyapyala aja ali kutsekerezedwabe ndi matupi, a kumbuyo alandira besi wochuluka koposa, osamvabe chimene chili kuyimbidwa, pamene agogo okhala patsogolo ayamba kutseka makutu ndi mpango. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi madesibelo 6. Tsono ngati wa patsogolo ali mita 1 kuchokera pa bokosi ndipo wa kumbuyo ali mamita 16, kusiyana kwawo ndi madesibelo 24, kumene kuli kusiyana kwakukulu ndithu. Koma mukakweza bokosi pamwamba, mwatalikitsa mtunda wa kwa munthu wa patsogolo, pamene wa kumbuyo mtunda wake sunasinthe kwenikweni, ndipo onse awiri ayamba kudya m'mbale imodzi. Kugula mawati ochuluka nakonso sikupulumutsa monga anthu aganizira: kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjeza madesibelo 3, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Tisaiwalenso makutu a anthu, amene akawonongeka sachira. M'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti m'malo oyimbira phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza pa mphindi 15.

Ndiyenera kunena zoona zonse: kukweza sikuwonjeza mphamvu ya ampulifaya, ndipo besi amachepako, chifukwa pansi pamabweza mawu aakulu ndi kuwalimbitsa. Walira mvula walira matope. Koma kwa gitala yopanda kanthu m'mimba, imene kawirikawiri besi wake amachuluka kale kuposa muyeso, kuchepako kumakhala dalitso.

Ndiikweze kufika pati?

Muyeso wake ndi mitu ya omvera. Kasipika kakang'ono kotulutsa mawu opyapyala kakhale pamwamba pang'ono pa mitu yawo, ndiye kuti pafupifupi mita ndi theka ngati anthu akhala pa mipando, ndi mamita 2 kapena kupitirirako pang'ono ngati aimirira ndi kuvina. Njira yosavuta ndi iyi, kuti mupite kumbuyo, mukhale pamene adzakhale mlendo womalizira, ndipo ngati maso anu akuona nkhope ya bokosi, khutu lanunso lidzamva. Kupitirira apo palibe phindu, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'mene mawu akagunda denga amabwerera atasakanikirana.

Kodi ampulifaya iliyonse ingakhale pa sitandi ya sipika?

Iyayi. Itembenuzeni muone kunsi kwake. Yopangidwira kukwera imakhala ndi bowo lozungulira lokhala ndi chikho chachitsulo kapena chapulasitiki, ndipo muyeso wofala wa bowolo ndi mamilimita 35, ngakhale alipo ena a mamilimita 38. Mukalowetsa paipi ya 35 m'bowo la 38, bokosi limagwedera ngati dzino lofuna kuguluka, ndipo pafunika kachibangiri kodzaza mpatawo, osati nsanza kapena pepala. Roland AC-60, imene ilemera pafupifupi makilogalamu 10, ili nalo bowo lotere, ndiponso ili ndi kamwendo kopinda koipendeketsera kumbuyo. AER Compact 60 ya ku Germany ndi yopepuka koposa, pafupifupi makilogalamu 7. Fishman Loudbox Performer ipitirira makilogalamu 13, ndipo zilipo zina zakale, zokhala ndi maginito aakulu ndi thiransifoma yolemera, zimene zifika makilogalamu 20 ndi kupyola. Zatsopano zapepuka chifukwa cha maginito a neodymium ndi kapangidwe kotchedwa Class D, koma zambiri zimene zimatifika kuno, zogulidwa kwa anzathu kapena zotumizidwa ndi abale a ku Joni, ndi zakale zija.

Sitandi nayonso ili ndi malire ake, amene opanga odziwika, monga König & Meyer a ku Wertheim kapena Ultimate Support a ku America, amalemba poyera. Sitandi ya maikolofoni, ngakhale ioneke yolimba, inapangidwira kanthu kolemera ngati chisononkho cha chimanga, ndipo kuisenzetsa bokosi lolemera kuli ngati kumanga goli pa khosi la mwanawang'ombe.

Yanga ilibe bowo. Kodi ndiboole ndekha?

N'zotheka, ndipo ambiri achita, koma safunsa anadya phula. Choyamba, tsegulani muone chimene chili m'kati pamalo pamene mufuna kuboola, pakuti chikho chija chimalowa m'bokosi masentimita angapo, ndipo chingakumane ndi mawaya kapena ndi ziwiya za magetsi. Muchite izi mutazula pulagi, ndipo ngati simudziwa za magetsi, itanani wodziwa, chifukwa zina mwa ziwiyazo zimasunga moto ngakhale mutazimitsa. Chachiwiri, yang'anani thabwa. Pulayiwudi imagwira, koma matabwa a utuchi wopanikiza ndi guluu amafumbutuka, makamaka akamwa chinyezi cha dzinja, ndipo apa masikuluwu okha sakwanira. Pafunika mabawuti opyola thabwa, omangidwa ndi manati m'kati, ndi kathabwa kena kolimbitsira.

Chachitatu ndicho chimene ambiri saganizira. Pakati pa bokosi poyeza ndi tepi si pamene pali pakati pa kulemera kwake, popeza maginito ndi thiransifoma sizikhala pakati. Ikani mpini wa tsache pansi, mukhazike ampulifaya pamwamba pake, muisunthe pang'onopang'ono kufikira itadendekera yosagwera uku kapena uko, ndipo mulembe mzere ndi choko. Mutembenuze mpiniwo mopingasa, muchitenso chimodzimodzi. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene bowo liyenera kukhala. Bowo loboola pambali pa malowo lidzachititsa bokosi kuweramira mbali imodzi masiku onse a moyo wake, likukoka paipi ndi kutafuna thabwa. Amene safuna kuboola angathe kugwiritsa ntchito mbale yachitsulo yokhala pamutu pa sitandi, malinga bokosi limangidwe ndi lamba wokoka. Koma ine, kunena mosabisa, bokosi lopitirira makilogalamu 15 sindimakonda kuliona litakhala pa mbale pamwamba pa mitu ya anthu.

Kodi munthu mmodzi angakweze yekha bokosi lolemera bwanji?

Anyamata amayankha funso ili ndi chifuwa, pokumbukira kuti amasenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchokera kumunda. Koma kusenza thumba lofewa limene anzako akutwika, ndi kunyamula bokosi la ngodya pamwamba pa mapewa, manja atatambasuka, maso ali kufunafuna kabowo kosaoneka kunsi kwake, ndi ntchito ziwiri zosiyana. Bungwe la Health and Safety Executive la ku Britain, m'malangizo ake a kanyamulidwe ka katundu, limaika makilogalamu 25 kwa mwamuna ndi 16 kwa mkazi ngati katunduyo ali m'chiuno pafupi ndi thupi. Koma pamwamba pa mapewa muyesowo umatsika kufika 10 kwa mwamuna ndi 7 kwa mkazi, ndipo manja akatambasuka umatsikanso kufika 5 ndi 3. Muone tsono kuti ngakhale ampulifaya imene timaitcha yopepuka yafika kale m'malire. Msana wa munthu suchenjeza. Umangoti phwa tsiku limodzi, ndipo ndidziwa oyimba amene lero amayimba atakhala pansi chifukwa cha usiku umodzi wotere.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo kakwezedwe koyenera ndi ka anthu awiri. Sitandi itsitsidwe kufika pansi penipeni, miyendo itambasulidwe ndi kumangidwa. Awiriwo agwire bokosi uku ndi uku, dzanja limodzi kunsi, lina m'mbali, apinde mawondo msana uli chilili, ndipo mmodzi awerenge kuti anyamulire limodzi. Bokosi likakhala pa paipi, mulowetse nthambo zonse ndi kukonza mabatani musanalikweze, chifukwa ampulifaya zambiri za gitala zili ndi mabatani pamwamba, amene simudzawafikanso. Pamenepo mmodzi akankhe paipi, mnzake alowetse pini m'bowo lake, ndipo chomangira chapambali chimangidwe pomalizira. Pini ndiyo inyamula katundu. Chomangira chimangoletsa kugwedera, ndipo amene adalira chomangira chokha adzaona bokosi likutsetsereka pakati pa nyimbo. Woyimba amene amayenda yekha achite bwino kusunga ndalama za sitandi yopukusa ndi chogwirira, kapena ya mpweya m'kati yothandiza kukankha, ndipo ayambe wakhazika bokosi pa tebulo kuti ulendo wa m'mwamba ukhale wa magawo awiri.

Sitandi yanga inalembedwa kuti inyamula makilogalamu 50. Ingagwe bwanji ndi bokosi la 15?

Chiwerengero chimenecho chikunena za katundu wopondereza molunjika pansi, pa simenti yosalala, popanda wokankha. Masitandi ambiri amene ndawaona akugwa sanathyoke. Anagubuduzika ali amphumphu. Miyendo itatu ili ngati mafuwa, amene agwira mphika bwino lomwe kufikira wina ataukankhira pampata wa pakati pa mafuwa awiri. Ngati phazi lililonse la sitandi lili masentimita 60 kuchokera pa paipi, mzere wolumikiza mapazi awiri oyandikana uli masentimita 30 okha kuchokera pa paipiyo, ndiye theka. Ndipo bokosi lokhala mamita 2 m'mwamba likangopendekera mbali imeneyo ndi masentimita 30 amenewo, palibenso cholibweza. Chifukwa chake mwendo umodzi uloze kumene bokosi lingafune kugwera, ndiko kutsogolo ngati laweramira kwa anthu, kapena kumunsi ngati malowo ndi otsetsereka, ndipo miyendo itambasulidwe mokwanira ngakhale malo achepe.

Ndinaona ndi maso anga, pa madyerero ena a ukwati, nthambo itachoka pamwamba pa bokosi n'kulendewera m'malere kupita ku soketi ya pakhoma. Pa nthawi ya perekaniperekani, anthu akuvina ndi ndalama m'manja, mayi wina anakola nthamboyo ndi phewa. Ndinaona bokosi likuwerama pang'onopang'ono ngati munthu wopereka ulemu, phazi limodzi la sitandi litanyamuka, ndipo pansi pake panali kamtsikana kovala diresi yoyera kakutola ndalama zogwa. Mnyamata wina amene anaima pafupi analigwira ndi manja awiri, nyimbo sinaleke, ndipo ambiri sanadziwe n'komwe kuti imfa inadutsa pakati pawo. Tsoka silinunkha. Kuyambira tsiku limenelo nthambo ndimaitsitsa motsata paipi, ndi kuimanga pamwamba ndi pansi, kuti wina akaikola ikoke phazi la sitandi osati mutu wake; pansi ndimaiphimba ndi mkeka kapena tepi, ndipo pa miyendo ndimaikapo thumba la mchenga, ndi kutchinga ndi mipando kuti ana asafikepo.

Nanga poyimba panja, pa bwalo kapena kunyanja?

Panja mdani ndi mphepo ndi nthaka. Bokosi lokwezedwa lili ngati thanga la bwato, ndipo amene anayimbapo m'mphepete mwa nyanja m'miyezi ya mwera, kapena pa bwalo la sukulu mu Okutobala pamene kamvuluvulu abwera mosalonjera, adziwa kuti mphindi imodzi ikwanira. Pa mchenga ndi pa dothi lofewa phazi limodzi limamira pang'onopang'ono nyimbo zili m'kati, choncho muike thabwa pansi pa phazi lililonse, muwonjeze matumba a mchenga, ndipo mutsitseko sitandi mphepo ikayamba. Musanaimike chitsulo chilichonse, kwezani maso muone mawaya a ESCOM, ndipo mitambo ya mvula ikayamba kung'anima, tsitsani zonse.

Kodi sitandi yopangitsa kwa owotcherera ndi yodalirika?

Ambiri amainyoza chifukwa siwala ngati ya m'sitolo, koma ine ndaona zopanga amisiri athu zolimba kuposa zotchipa zina zochokera kunja, zimene mfundo zake ndi zapulasitiki wosweka ndi dzuwa. Chofunika ndi kumuuza mmisiri zimene mufuna: paipi yokhuthala, ya mamilimita 35 pamutu, miyendo yotambalala yolumikizidwa ndi timitanda, mabowo opyola a pini, ndi pini yomangiriridwa ndi katcheni kuti isatayike. Ikatha, iyeseni pabwalo popanda anthu ndi katundu woposa bokosi lanu kawiri, muigwedeze, muyang'ane mowotcherera monse. Choipa chake n'chakuti chitsulo chimalemera ndipo chimachita dzimbiri m'kati mosaoneka, chotero chiyenera kuyang'anidwa dzinja lililonse likatha.

Chikwezereni ampulifaya, kulira kwa tswii kwachuluka. Ndalakwa pati?

Kulira kumeneko, kumene oyimba amati feedback, kumabadwa pamene mawu otuluka m'sipika alowanso m'maikolofoni kapena m'mimba mwa gitala, nakuzidwanso, nazungulira chotero osaleka. Pamene bokosi linali pansi, mawu opyapyala ankadutsa m'miyendo mwanu. Tsopano mwaliika kumbuyo kwa mutu wanu, moyang'anizana ndi kamwa la maikolofoni. Maikolofoni zambiri zoyimbira zimamva kutsogolo ndi kugontha kumbuyo, choncho musunthe sitandi ikhale pambali panu ndi kutsogolo pang'ono, ndipo kwa woyimba gitala ikhale ku mbali ya khosi la gitala, kutali ndi mimba yake. Kulinso kulira kwina kwakukulu, kokhala ngati kwa ng'ombe, kochokera ku mpweya wa m'mimba mwa gitala, umene umanjenjemera pafupi ndi 100 Hz. Kumeneku kumachizika ndi chotsekera chalabala pa bowo la gitala, kapena ndi mabatani olembedwa notch ndi phase amene ampulifaya zambiri zotere zili nawo. Muzu wa vutoli n'ngwakuti tifuna bokosi limodzi litumikire woyimba ndi omvera pa nthawi imodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Pamafunika kupeza malo amene inu mudzimva mokwanira, ngakhale si mokoma monga mufunira, kuti khamu limve bwino.

Ngati bokosi langa ndi lolemera kwambiri, ndichitenji?

Musalikweze pa mlongoti. M'chipinda chaching'ono, cha anthu makumi atatu kapena anayi okhala pansi, kulikhazika pa tebulo lolimba kapena pa sitandi yaifupi yopendeketsa, nkhope yake italoza makutu, kumapereka gawo lalikulu la phindu lija popanda ngozi yake. M'malo aakulu, yang'anani kumbuyo kwa ampulifaya, ndipo mudzapeza potulukira polembedwa DI kapena Line Out. Kuchokera pamenepo nthambo imodzi itengere mawu ku mikisa ya pamalopo, kapena ku sipika yopepuka yokhala ndi mphamvu yakeyake, ndipo imeneyo ndiyo ikwere, pamene bokosi lolemera likhala pansi pafupi nanu, litapendekera kumbuyo, kuti muzidzimvera. Amene ali ndi bokosi lalikulu la besi angaimike paipi pamwamba pake, m'bowo la mamilimita 35 kapena la mazinga a M20, pakuti kulemera kwa bokosilo kumasanduka maziko, ndipo palibe miyendo yopunthwitsa anthu. Lamulo limene ine nditsata ndi lakuti cholemera chikhale pansi, chopepuka chikwere.

Pomaliza phwando, kutsitsa kuli ndi vuto lanji?

Zala zambiri zaphwanyika potsitsa kuposa pokweza, popeza nthawi imeneyo anthu atopa, kwada, galimoto ili kuliza hutala panja, ndipo amene anathandiza masana apita kwawo. Munthu amamasula chomangira, nazula pini dzanja lina litagwira paipi pafupi ndi khosi la sitandi, ndipo makilogalamu 15 amatsika nthawi imodzi pa chala chake. Muyambe mwazimitsa ndi kuzula nthambo. Kenaka mmodzi anyamule kulemera kwa bokosi pokankha paipi m'mwamba pang'ono, dzanja lili kutali ndi polumikizira, ndipo pini ikamasuka yokha mnzake aizule, paipi itsike pang'onopang'ono kufikira pansi. Bokosi likakanirira pa paipi, monga limachitira likalowa fumbi, musaligwedeze uku ndi uku. Mmodzi aponde mwendo wa sitandi, winayo alipotoze pang'ono akulikweza. Ndipo mnzanu wothandiza kutsitsa mumupemphe masana, phwando lisanayambe, kuti adziwe kuti sachoka kufikira bokosi litafika pansi.